Madzi Amene Sindinayese ndi Chigongono

Fungo la masamba a nsatsi owiritsa likangondipeza, kaya ndili pati, agogo anga aSakala amabwerera. Ndimawaona atakhala pa kampando kachikopa pakhonde, m'mawa wa mwezi wa Juni chifunga chisanachoke kudambo, utsi wa zitsononkho ukukwawa pansi ngati waopa kuzizira, nkhunda za aneba zikung'ung'udza padenga, iwo atatambasula mapazi awo kutsogolo ngati katundu amene munthu wina wawasungitsa. Kenako ndimamva mawu awo okhuthala aja: "Kapitawo, madzi aja afika pati?" Kapitawo ndinali ine. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndisanaonepo mkati mwa kalasi, ntchito yanga inali mbuzi ndi mapazi a agogo.

Kulemba ndinaphunzira mochedwa, ndili kale ndi ana atatu, ndipo nkhani iyi ndayiyamba kambiri n'kuisiya. Pali malo ena amene mpaka lero sindidziwa kuti ndiwaike bwanji.

Tinkakhala m'mudzi wina waung'ono kufupi ndi Tamanda. Agogo aakazi anali atamwalira, bambo anga anapita ku migodi osabwerako, ndiye pakhomo tinali ine, amayi ndi agogo, atate awo a amayi. Kwathu mwana wamkazi sagwira miyendo ya atate ake. Mdzukulu ndiye alibe malire: amameta agogo, amawachotsa matekenya, amawatukwana mwanthabwala iwo n'kuseka. N'chifukwa chake mapazi aja anagwera ine.

Ndipo sanali mapazi wamba, malinga n'kunena kwa mwini wake. Ali mnyamata, agogo anayenda wapansi mpaka ku Halale kukafuna ntchito m'minda ya fodya, n'kubwerera wapansinso. Kumeneko munthu wina wodziwa mitengo anawatema mphini zitatuzitatu pa akakolo, n'kupakamo phulusa lakuda, kuti mapazi akhwime asamatope ndi njira. Mphini zija zinkaoneka ndithu, timizere tating'ono ngati mapazi a mbalame. Zaka zambiri mankhwalawo ankangokhala chete. Koma agogo atayamba kukalamba, mapazi anasiya kumva minga, anasiya kumva miyala, anasiya kumva ngakhale mchenga wotentha wa mwezi wa Okutobala. Iwo anakondwa kwambiri. Anati mankhwala a ku Halale apsa tsopano.

Tsiku lina madzulo dzuwa lisanalowe, amuna akusewera nsolo pansi pa mtengo wa mango, wina anaona magazi pa chidendene cha agogo. Unali munga wa mthethe, wautali ngati chala changa chaching'ono, utalowa theka. Agogo anautulutsa pang'onopang'ono kuti aliyense aone, nkhope ili phee, kenako anauimika pamchenga pafupi ndi nsolo.

"Wina auyese," anatero. "Ndimupatsa nkhuku."

Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Amene sanaseke anali Abiti Selemani, mneba wathu, amene ankadutsa ndi ndowa pamutu. Mayi ameneyu anali Myao wochokera kutsidya kwa malire. Mwamuna wake anali telala, ndipo atamwalira iye anatsala pamalo pomwepo ndi mwana wake mmodzi, Mariamu, msinkhu wanga. Ankaphika zitumbuwa, ankaweta nkhunda, ndipo pokhala Msilamu ankatsuka mapazi ake kasanu pa tsiku asanapemphere, chinthu chimene agogo sankatopa kumuseka nacho.

"Abiti, bwerani mudzaone mapazi a amuna! Osati anuwo, otha ndi madzi ngati sopo."

Iye anatula ndowa, anawerama, n'kuyang'ana chidendene chija nthawi yaitali.

"ASakala, galu amene sauwa wakuba akalowa, mumati ndi wolimba mtima?"

"Nanga galu walowa bwanji pa nkhani ya mapazi?"

"Ululu ndi galu wa pakhomo. Wanu wagona."

Agogo anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti nzeru za akazi zili ngati utsi, zimangolowa m'maso. Koma Abiti atanyamula ndowa yake ndinawaona akusisita mphini zija ndi chala chachikulu, ngati munthu wofufuza ngati ndalama ikadali m'thumba.

Panalinso zinthu zina zimene tinkaziona koma osazilumikiza. Agogo ankamwa madzi ngati ng'ombe yochokera kolima, chikho chimodzi pambuyo pa chinzake. Kuseri kwa nkhokwe kumene ankataya madzi kunkaunjikana nyerere. Lamba wawo anaboola mabowo awiri atsopano, maso anayamba kuchita nkhungu. Dzina la matendawo panalibe analidziwa. Tinkangoti ndi ukalamba.

Chaka chimenecho Juni anazizira kwambiri, ndipo mapazi aja, ngakhale sankamva munga, anayamba kuwavutitsa mwa njira ina. Ankati akuzizira mkati mwa mafupa, ndiponso muli tinyerere toyendayenda. Ine zinkandisokoneza: phazi losamva kanthu limva bwanji kuzizira? Abiti ndiye anabweretsa thandizo. Kuseri kwa nyumba yake kunali nsatsi zambiri, ndipo m'mawa uliwonse ankathyola masamba akuluakulu n'kundipatsa pamodzi ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi amene ankayenga yekha. Anandiphunzitsa kuthowa: kuwiritsa masamba, kuphula, kudikira, kenako kutenga tsamba lofunda n'kumadinda nalo phazi mofatsa, kupukuta bwino mpaka pakati pa zala, n'kumaliza ndi mafuta. Tsiku loyamba anandigwira mkono n'kuviika chigongono changa m'beseni.

"Uziyesa ndi apa, mwanawe. Akhale ngati osambitsa khanda. Usamawafunse agogo ako ngati atentha. Iwo sangakuuze."

Vuto linali lakuti kwathu kuthowa kuli ndi lamulo lake, ndipo aliyense ankalidziwa. Munthu akabinya mwendo kapena akatupa, womuthowa amadinda ndi chotentha mpaka wodwalayo akuwe, ndipo kukuwako ndiko chizindikiro chakuti mankhwala alowa. Wodwala ndiye muyeso. Agogo anathowedwapo choncho kangapo pa moyo wawo, nawonso anathowapo ena. Ndiye madzi a khanda ajawa ankawanyansa.

"Kuthowa kopanda kulira n'kusambitsa," ankatero. "Kapitawo, iwe wakhala mwana wa Abiti kodi? Onjeza moto."

Masabata awiri ndinkawanamiza agogo bwinobwino. Ndinkavomera kuti ndaonjeza, pamene ndayesa ndi chigongono iwo akuyang'ana kumbali. Ndipo kunena zoona ming'alu ya m'zidendene inayamba kufewa, khungu linasiya kutuwa. Masamba aja sanawalakwire kanthu.

Tsiku limene ndinalakwa linali Loweruka. Anzanga anali atapangana zokakumba mbewa m'minda yokololedwa, ndipo ndinkamva malikhweru awo kunjira, makasu akugundana. Masamba anali akubwadamuka pamoto. Kudikira kuti azizire kunali ngati kudikira mvula. Agogo nawonso tsiku limenelo anadzuka ndi ukali, anati usiku wonse mapazi anali ngati ali m'dambo.

"Lero usandinyengerere ndi timasamba. Thira zonse m'beseni, ndiviikemo."

Ndinathira. Ndinaonjezamo chikho chimodzi chokha cha madzi ozizira. Nthunzi inkakwera mpaka kumaso kwawo. Chigongono changa chinali pomwepo, koma ndinachita zimene aliyense m'mudzi mwathu akanachita, zimene Abiti anandiletsa.

"Atentha, agogo?"

Analowetsa mapazi onse awiri, n'kutsamira khoma.

"Awa ndi madzi a mumtsuko. Otsala mumphikamo ukusungira ndani?"

Ndinathira otsalawo. Tsamba lina linamatirira pa kakolo, ndipo nditati ndilichotse, chala changa chamkombaphala chinalowa m'madzimo. Ndinakuwa, kulumpha, chala m'kamwa. Agogo anaseka mokoma kwambiri.

"Waona? Manja a mwana. Amuna tili phee."

Anakhala choncho mpaka madzi anazizira okha. Powapukuta ndinaona khungu la phazi lamanzere litasintha mtundu, litachita makwinya ngati la nkhuku yoviikidwa pokosola. Ndinapaka mafuta msangamsanga, n'kuwaveka masokosi awo akale a ku Halale, n'kuthamangira mbewa. Tinapha zambiri tsiku limenelo. Chala changa chinatupa thuza lalikulu, ndipo ndinkagwira khasu ndi dzanja lamanzere.

M'mawa mwake nditavula masokosi ndinapeza matuza, lina lalikulu ngati dzira pamwamba pa phazi, ena pakati pa zala. Agogo sankawamva, ndipo ndi nkhungu ya m'maso ija sankawaona. Munthu yekhayo pa dziko lonse amene ankadziwa ndinali ine. Ndinaganiza kuti aphwa okha ngati langa. Ndinapaka mafuta, kubweza masokosi. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Agogo ankapita kudimba kukathirira mpiru, kuponda m'matope, matuza anaphulika, sokosi inayamba kumatirira. Patatha sabata ndi masiku angapo amayi anaona ntchentche zikutsata atate awo, ndipo fungo linali litayamba.

Anaitanitsa amalume aYobe, mlongo wawo, munthu woyendetsa ngolo amene chikoti sichinkachoka m'manja mwake. Iwo ataona phazi lija sanafunse zambiri. Anapita kwa woombeza kutali, n'kubwera ndi yankho lakuti mapazi okhwima ngati amenewo sangaole okha, pali munthu wapafupi amene wasukulutsa mankhwala a ku Halale kudzera m'zinthu zimene amapereka ndi manja ake. Panalibe chifukwa chotchula dzina. Aliyense ankadziwa kumene masamba ankachokera, ndiponso ena anakumbukira mawu aja a galu wogona.

Anamuitana Abiti pakhonde pathu masana, anthu atadzaza bwalo. Anabwera akupukuta ufa m'manja, Mariamu akumutsata. Sanadzikane poyamba. Anagwada, anavundukula nsanza, n'kuyang'ana.

"Uku n'kupsa ndi madzi," anatero.

"Atate, madzi anakutenthanipo?" anafunsa amalume.

"Ine? Sanatenthepo n'kamodzi komwe. Akanatentha ndikanamva. Ndine mtengo ine?"

Agogo sankanama. Ankanena zimene ankadziwa. Pamenepo Abiti anatembenukira kwa ine. Ndinali nditaima pafupi ndi mzati, dzanja lamanja nditalipana m'khwapa.

"Mwanawe, madzi aja unkayesa ndi chigongono, monga ndinakuuza?"

Ndinayang'ana chikoti cha amalume. Ndinayang'ana amayi.

"Inde."

"Masiku onse?"

"Masiku onse."

Anandiyang'ana kanthawi. Maso ake anatsika pang'ono, kenako anabwerera kumaso kwanga. Anaimirira, anasasa fumbi m'mawondo, n'kunena kuti Mulungu ndiye akudziwa, basi. Anamugwira Mariamu dzanja n'kupita.

Palibe anamumenya, palibe anamuotchera nyumba. Kungoti kuchitsime azimayi anayamba kusuntha ndowa zawo iye akafika. Zitumbuwa zake zinkabwerera zonse m'lichero. Ana tinaletsedwa kudutsa pakhomo pake, ndipo wina anadula nsatsi zonse zija. Mvula isanagwe, m'mawa wina tinaona nkhunda zili m'dengu, mphasa zitakulungidwa, Abiti ndi Mariamu akulowera njira ya ku tauni. Ine ndinabisala m'khola la mbuzi.

Phazi silinachire ngakhale iye anachoka. Anayesa mizu yosinja, anayesa phulusa, anatema mphini zina pamwamba pa zakale. Chala chachikulu chitada bii, amalume anawakweza agogo pangolo kupita nawo ku chipatala cha mishoni. Kumeneko ndiko tinamva koyamba dzina lakuti shuga. Amayi anadabwa kwambiri, anati atate awo tiyi amamwa pa Khirisimasi pokha, shugayo walowa liti? Mwendo anaudula m'munsi mwa bondo.

Agogo anabwerera kumudzi ali munthu wina, wochepa, wosaseka. Ndipo apa ndi pamene mutu wanga umaima mpaka lero. Phazi lija pamene linalipo silinkamva kanthu, koma litachoka linayamba kuwawa. Ankaloza pamphasa popanda kanthu n'kumati zala zikuyabwa, chidendene chikubaya. M'mawa wina, patatsala masabata ochepa kuti amwalire, anandiitana.

"Kapitawo, phazi anataya lija likundizizira. Kawiritse madzi."

Nditatembenuka kuti ndipite, anawonjeza motsitsa mawu, maso ali kudambo:

"Koma uyese ndi chigongono."

Mawu amenewo ndawatembenuza zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Kodi anali atadziwa? Kodi kuchipatala anawafotokozera, iwo n'kukumbukira Loweruka lija ndi kukuwa kwanga? Ngati anadziwa, analekeranji kuuza amalume kuti Abiti analibe mlandu? Kapena manyazi a mphini za ku Halale anawatseka pakamwa ngati mmene chikoti chinanditsekera ine? Kapena ankangobwereza mawu amene anamvapo, mutu utayamba kale kuchoka? Sindinawafunse. Ndinawiritsa madzi, ndinayesa, ndinathowa phazi lotsalalo, iwo akuloza lina lija.

Tsopano ndimakhala m'tauni, ku Nabvutika, ndipo shuga uja anandipeza nanenso zaka zitatu zapitazo. Ku kiliniki, nesi wina wamng'ono ngati mdzukulu wanga anandivula nsapato, anandiuza nditsinzine, n'kumandigunda kuphazi ndi kaulusi kolimba.

"Mukumva, agogo?"

"Ndikumva."

"Apa?"

Ndinadikira kuti agunde. Anali atagunda kale.

Anandiuza zambiri: kumwa mapiritsi osadumphitsa, kusayenda opanda nsapato, kuyang'ana pansi pa mapazi ndi galasi tsiku lililonse, kubwera msanga ndikaona kabala ngakhale kakang'ono, osayamba ndapaka za kunyumba. Kenako anati, "Ndipo musamaviike mapazi m'madzi otentha. Madzi osamba muziyamba mwayesa ndi chigongono." Ndinamugwira mkono mwana uja mpaka anadabwa. Ndinamufunsa kuti mawu amenewo anawatenga kuti. Anati ku sukulu ya unesi.

Kunyumba akazi anga ali ndi sukulu yawonso. Amawiritsa masamba a nimu, amagula ufa wa chammwamba, ndipo mnzawo wa kutchalitchi anawapatsa mafuta ena a m'botolo amene akuti amadzutsa mitsempha. Ine sindidziwa choti ndikane ndi choti ndilole. Zaka zonsezi ndinkafuna kuti wina andiuze kuti zachikuda ndizo zinapha agogo, kapena kuti sizinali zimenezo. Koma mphini zinali zachikuda, masamba a Abiti analinso achikuda, ndipo mayi wosaphunzira uja ananena zomwezo zimene ananena nesi. Mapiritsi ndimamwa. Mafuta ndimalola pa zidendene pokha, pamene palibe bala. Zotsalazo ndimangoyang'ana.

Mariamu ndinamupeza kalekale, nditangosamukira m'tauni. Amasoka zovala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, makina ake ndi aja a bambo ake. Zaka zambiri ndinkadutsa tsidya lina la msewu. Sabata imene nesi anandigunda ndi kaulusi ija ndinaoloka. Ndinanyamula buluku loti andipindire, kuti ndikhale ndi poyambira.

"Ah, aKapitawo," anatero asanandiyang'ane bwino n'komwe. "Lero msewu wauma, mwaoloka?"

Ndinakhala pa benchi. Ndinayamba ndi nyengo, ndi matenda, ndi anthu akumudzi amene anatisiya. Kenako ndinanena zonse, mbewa, beseni, masokosi, ndi "inde" uja. Makina anaima. Anachotsa magalasi, n'kuwapukuta ndi chitenje.

"Ndiye mwasenza zimenezi mpaka imvi kuti mudzandiuze nkhani imene ndinaimva ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi?"

Sindinamvetse.

"Amayi anaona chala chanu. Munkachibisa m'khwapa, koma thuza linkaonekera. Titangofika kunyumba anandiuza."

"Nanga osanena bwanji? Akanangondikoka dzanja pamaso pa anthu."

"Ndinawafunsa zomwezo, kangati kaya. Ankati amalume anu aja anali atakulunga kale chikoti kudzanja. Ankati munthu wamkulu akhoza kusamuka, mwana asamukira kuti?"

Ndinafunsa ngati Abiti ananditchulapo asanamwalire. Anati ayi, analibe nthawi, ankakazinga zitumbuwa pa siteshoni ya basi mpaka maso anafa. Ndinati ndikupempha chikhululukiro. Mariamu anabweza magalasi kumaso, n'kutenga buluku lija kuliyeza ndi tepi.

"Amene munawanamizira kulibe. Ine zanga n'zina. Kumudzi kuja ndinasiya manda a bambo anga, sindinawaonenso. Zimenezo sindinganene lero kuti zatha." Anadula ulusi ndi mano. "Bulukuli mudzatenge Lachinayi. Ndipo nsapato zimenezo zikukuthinani, munthu wa shuga savala zotero."

Ndinabwerera kunyumba osadziwa ngati katundu wapepuka kapena wawonjezeka. Ndinkaganiza kuti ndinabisa chinthu kwa mayi uja, pamene iye ndiye anandibisa ine. Lachinayi ndinapita kukatenga buluku, tinalankhula za mtengo wa makala, ndipo sindinadziwe ngati ndiyambenso nkhani ija kapena ayi.

M'mawa uliwonse akazi anga amandiikira beseni pakhonde. Amati madzi ali bwino, ayesa kale. Ndimawathokoza, n'kudikira alowe m'nyumba. Kenako ndimapinda malaya, ndimawerama ndi msana wanga wolimbawu, n'kuviika chigongono. Mapazi anga akhoza kundiuza kuti madzi sanatenthe, ndipo adzakhala akunena zoona zawo, ngati agogo. Ine ndimafunsa Abiti.